Zithunzi za Mfumu Charles Woyamba ndi a Pabanja Pake

Ambiri mwa iwo amene aphunzira mbiri ya England, pakumva dzina la Charles Woyamba, aona m'mtima mwao munthu wamtali, wa nkhope yowonda ndi kandevu kosongoka, wa maso achisoni. Nkhope imeneyi tinailandira kwa mmisiri mmodzi, Anthony van Dyck wa ku Antwerp, ndipo kutiyenera kufunsa ngati mmisiriyo anatiuza zoona.

Van Dyck anadzakhala ku London m'chaka cha 1632. Mfumu inamlandira bwino, nimpatsa dzina laulemu la Sir, nimuikiranso mapaundi 200 chaka ndi chaka. Tikumbukire nyengo yake: m'chaka cha 1629 Charles anabalalitsa Nyumba ya Malamulo, nalamulira yekha kufikira 1640. Zithunzi zonse zimene tizinena pano zinapakidwa m'zaka zomwezo, pamene mfumu inafuna kuonetsa anthu kuti ufumu wake sunachokere kwa iwo.

Tsono Charles anali munthu wamfupi, wachibwibwi, amene ali mwana miyendo yake inali yofooka. Taonani chimene mmisiri anachita naye pa chithunzi cha kusaka, cha pafupi ndi 1635, chimene chili ku Louvre mu Paris. Mfumu yatsika pa kavalo, yaima pa kamtunda, dzanja lina m'chuuno, lina pa ndodo, nicheukira kwa ife monga munthu amene tamdodometsa. Chisoti chachifumu palibe, mpando wachifumu palibe. Pali chipewa chopendekeka chabe. Koma woyang'ana aikidwa chapansi, kotero kuti aona mfumu chokweza maso. Kavalo wazolika mutu monga wogwada. Nthambi za mtengo zaweramira pamwamba pake ngati denga. Palibe pamene tingaloze chala ndi kunena kuti, Bodza ndi ili. Koma munthu wamfupi uja wasanduka wamkulu koposa zonse zomzinga. Ife tiyesa kuti ichi ndicho chopambana mwa zonse. Chijachi chachikulu cha ku National Gallery mu London, pamene mfumu yavala malaya achitsulo nikwera kavalo wa chifuwa chachikulu ndi kamutu kakang'ono, chifuula zimene chinzakechi chinena monong'ona, ndipo chitikopa pang'ono.

Za mkazi wa mfumu, Henrietta Maria, tili ndi mboni. Sophia, mwana wa mlongo wa mfumu, anamuona ku Holland m'chaka cha 1642, nalemba pambuyo pake kuti anazizwa, pakuti zithunzi zinamuyembekezetsa mkazi wokongola, koma anapeza mkazi wamng'ono, wa mikono yaitali yowonda ndi mano otuluka. Apa mlandu ndi woonekeratu: Van Dyck anakometsa. Koma sitimtsutsa kwambiri pa ichi, popeza amisiri onse a m'mabwalo a mafumu anatero, ndipo amene sanatero sanadye.

Chimene tikana ndi china. Anthu ambiri anena kuti m'maso a Charles mmisiri anaoneratu nkhwangwa ya pa 30 Januwale 1649. Akonda kutchula chithunzi cha nkhope zitatu pa nsalu imodzi, chimene chinatumizidwa ku Rome mu 1636 kuti Bernini aseme nacho mutu wa mfumu m'mwala, ndipo ilipo nthano yakuti Bernini pochiona ananenera tsoka. Ife nthanoyi sitiivomera. M'zaka zimenezo England anali pa mtendere pamene Germany analikupsa ndi nkhondo, ndipo mfumu inadziyesa yodala. Van Dyck mwini anamwalira mu Disembala 1641, nkhondo ya pachiweniweni isanayambe. Ndiponso chisoni chomwecho tichipeza pa nkhope za akulu ena ambiri amene iye anawajambula, ena a iwo anafera pamphasa ali nkhalamba. Nkhope yakugwa inali ulemu wa masiku amenewo, monga malaya a silika. Tsokalo tiliika ndife, chifukwa tidziwa mathero.

Chithunzi chachikulu cha banja, cha 1632, chionetsa zimenezi bwino. Mfumu yakhala, chisoti chachifumu chili pagome pambali pake, kamwana Charles katsamira bondo la atate wake, mayi afukata khanda Mary. Kumbuyo, kutsidya la mtsinje wa Thames, kuoneka nyumba za ku Westminster, zazing'ono ndi zakutali. M'nyumba imodzi ya zimenezo ndimo mfumu inaweruzidwa patapita zaka 17. Mmisiri sanalosere ai. Anaika Nyumba ya Malamulo pamene mbuye wake anaifuna, kutali ndi kumbuyo. Ndipo m'menemo muli choonadi cha zithunzizi: sizitiuza msinkhu wa Charles, koma zitiuza molunjika chimene iye anadziyesa, ndi chimene anakana kuchileka ngakhale pamaso pa oweruza ake.

Pa ana ndipo pamene mmisiri anamasuka, pakuti mwana sakhoza kusunga nkhope ya ulemu nthawi yaitali. Pa chithunzi cha ana asanu cha 1637, Charles wa zaka 7 waima pakati, dzanja lake pamutu pa galu wamkulu, ndipo tidziwa tanthauzo lake: adzaweta anthu monga aweta chilombochi. Koma galuyo ndi wamkulu ndithu, ndipo dzanjalo ndi la mwana. James avalabe mkanjo wa ukhanda, monga anyamata aang'ono anavalira masiku aja. Kumbali Elizabeth, wosakwana zaka ziwiri, agwiriza khanda Anne limene litambalitsa dzanja kufuna galu, osasamala za ufumu konse. Ife maso athu abwerera pa ngodya imeneyo kawirikawiri.

Anne anamwalira mu 1640. Elizabeth anatsazikana ndi atate wake tsiku lotsatana ndi imfa yao lisanafike, ndiye pa 29 Januwale 1649, namwalira ali wandende ku Carisbrooke mu 1650, wa zaka 14. Anyamata awiriwo anakhala mafumu onse, ndipo James anathawa m'dziko mu 1688.