Sikiri: Nyimbo Yoyimbira M'chifuwa

Nkhani ya nyimbo za ku Balaka ikayambika, anthu amathamangira ku Alleluya Band, yomwe inayamba mu 1978, ndi magitala a Paul ndi Lucius Banda. Koma ukapita ku Ulongwe, kapena ukawoloka Shire pa Liwonde n'kulunjika ku Ntaja, umakumana ndi luso lina lakale kwambiri, lomwe chida chake chachikulu ndi chifuwa cha munthu. Ndi sikiri ya Asilamu a Kadiriya.

Mizu yake ili kutali. Shehe Abdul Qadir Jilani anamwalira ku Baghdad mu 1166, ndipo omutsatira anasunga mwambo wokumbukira Mulungu pobwerezabwereza dzina lake pamodzi. Shehe Uways wa ku Barawa, amene anaphedwa mu 1909, anaufalitsa ku Zanzibar, kenako unakwera kumtunda m'njira zomwe Ayao ankayendamo kale pa malonda. Utafika kuno unalowa m'maliro, m'sadaka ndi mu ziyala, chikondwerero cha kubadwa kwa Mtumiki Muhammad, pamene mbendera zimatsogola ndipo mikanjo yoyera imadzaza msewu.

Pa sikiri, amuna amaima phewa ndi phewa. Wotsogolera amatulutsa mawu ake pamwamba, kuwakoka motalika m'Chiarabu, ena onse n'kumuyankha pansi ndi mpweya wochokera m'mimba. Akawerama amautulutsa, akaweramuka amaukoka. Ukaima pafupi umamva kuti kupumako kuli ndi mawu awiri: lina lokhuthala potulutsa, lina lowonda pokoka, ndipo awiriwa akamasinthana amagwira ntchito yomwe ng'oma ikanagwira. Zimafanana ndi mvukuto wa wosula, kungoti pano mivukutoyo ndi yambiri ndipo yonse iyenera kupopa nthawi imodzi.

Apa mpamene wophunzira amavutikira. Mnyamata watsopano amapumira pakhosi, posakhalitsa pakhosipo pauma, mutu wayamba chizungulire, iye n'kuyamba kuthamanga kusiya anzake. Mwalimu salankhula zambiri. Amangomuchotsa kumapeto kwa mzere n'kumulowetsa pakati pa akuluakulu awiri, kuti mapewa awo amuphunzitse. Akafulumira amamuletsa ndi phewa, akatsalira amamukoka. Palibe pepala, palibe do re mi ya pabolodi monga amachitira a kwaya kutchalitchi. Thupi limayamba kudziwa, mutu n'kutsatira pambuyo.

Wofuna kudzatsogolera ali ndi ulendo wautali kuposa apa. Kumadalasa amayamba waphunzira zilembo zakukhosi zomwe mu Chichewa ndi mu Chiyao mulibe, ndi kudziwa pamene mawu ayenera kutalikitsidwa ndi pamene sayenera, chifukwa kukoka chilembo molakwika kumasintha tanthauzo. Kenako aphunzire kukongoletsa, kupinda mawu pa chilembo chimodzi osataya malo amene gulu lili. Ine ndimasilira kwambiri chinthu chimene owonerera ambiri sachiona: wotsogolera wabwino amayimba ndi khutu lili pa zifuwa za anthu ake. Amakweza liwiro pang'onopang'ono mpaka fumbi libuke, koma akamva kuti mkulu wina wayamba kubanika, amatalikitsa mzere umodzi wa nyimbo kuti onse apeze mpata wopuma, osaimitsa sikiriyo. Amene ali kunja amangoti nyimbo yakoma pamenepo.

Si Asilamu onse amene amavomereza mwambowu. Kwa zaka zambiri Asilamu otchedwa a Sukuti akhala akunena kuti maliro aperekezedwe mwakachetechete, ndipo mtsutsowu unagawapo mizikiti m'madera a Ayao. Za chiphunzitsozo ndi za mashehe. Koma ngakhale wotsutsa sangakane kuti kupumitsa amuna ambirimbiri ngati munthu mmodzi, pansi pa dzuwa la ku Machinga mu Okutobala, n'kosatheka popanda kuphunzira.

Masiku ano sikiri imaonekanso pa zochitika za chikhalidwe, pambali pa beni ndi manganje, ndipo pamenepo amaifupikitsa kuti igwirizane ndi pulogalamu. Imatayapo kanthu, chifukwa mphamvu yake imabwera ndi kutalika. Vuto lina n'lakuti anyamata ambiri a msinkhu wa zifuwa zamphamvu ali ku Joni kokafuna maganyu, choncho m'midzi ina mzere umakhala wa madala ndi ana a sukulu, ndipo mwalimu amayenera kutsitsa liwiro kuti anawo afike kumapeto.