Aunty Tiwo m'buku la Mark Gevisser

Buku la Mark Gevisser, The Pink Line, linatuluka mu 2020, koma kuno kwa Khombedza likadali mlendo. Ine ndinachita kubwereka kwa mphunzitsi wina amene anabwera nalo kuchokera ku Johannesburg, ndipo ndinaliwerenga sabata imene mwera unatsekera asodzi kumtunda.

Gevisser ndi mtolankhani wa ku South Africa. Wayenda m'maiko ambiri, koma munthu woyamba amene akumutsatira m'bukuli ndi wathu, Tiwonge Chimbalanga wa ku Thyolo, wodziwika kuti Aunty Tiwo. Ambirife tikukumbukira chinkhoswe chake ndi Steven Monjeza pa Mankhoma Lodge ku Blantyre mu Disembala 2009, zaka 14 za kundende zimene khoti linawagamula mu Meyi 2010, ndi chikhululukiro cha pulezidenti wa nthawiyo Bingu wa Mutharika, mlembi wamkulu wa United Nations wa nthawiyo Ban Ki-moon ali m'dziko muno. Chimene sindinachione nthawi imeneyo ndi ichi: omunyoza ndi omuteteza omwe ankaimba nyimbo imodzi, yoti awa ndi amuna awiri. Tiwonge mwini wake ankati ndi mkazi, ndipo mawu akewo ankangopita ndi mphepo. Gevisser wamumvetsera, mpaka kukamuona ku Cape Town kumene anathawira, osabisa umphawi ndi kusungulumwa kwake. Masamba amenewa ndinawawerenga mtima ukuwawa.

Malamulo a dziko lonse lapansi amachita chibwibwi pa nkhaniyi. Pangano la CEDAW la 1979, limene Malawi inavomereza mu 1987, limaletsa kusala amayi koma silinena kuti mkazi ndani. Kuno funsolo amayankha ndi anamkungwi, ndi mbali imene munthu amakhala pamaliro, ndi amene amafika pamjigo m'mamawa. Chichewa chathu chimangoti "iye" kwa mwamuna ndi mkazi yemwe, komabe mudzi umadziwa malo a aliyense.

Pamenepa ndiye bukuli landiperewera. Ndinkafuna kumva kwambiri amayi a kumudzi, amene amakana Tiwonge ndi amene amadya naye, pakuti mlanduwu umazengedwa ndi iwo tsiku ndi tsiku. Masamba ake ndi opitirira 500, onse m'Chingerezi, ndipo anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza kuno sadzalifikira.

Bukuli linatha Jana Gonani wa ku Mangochi asanamangidwe. Iyenso amati ndi mkazi, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana dandaulo lake lotsutsa malamulo amene anamumangira.