Chikalata cha ku Istanbul ndi Nkhani ya Ntchila

Mu Ogasiti 2015, maulamaa ndi akatswiri a zachilengedwe adakumana mumzinda wa Istanbul natulutsa chikalata chotchedwa Islamic Declaration on Global Climate Change. Adafuna kuti mawu a Asilamu amveke msonkhano waukulu wa ku Paris usadachitike mu Disembala chaka chomwecho. M'mizikiti yathu ya ku Mpamba, Chintheche ndi Kande ndi ochepa amene adachimvapo. Ife tachiwerenga tili ndi funso limodzi: kodi chingatithandize kuletsa kuti kutentha kwa dziko kusafafanize mitundu ya zolengedwa za Allah?

Ofufuza miyala yakale amawerenga nthawi zisanu pamene zamoyo zambiri zidatheratu padziko. Yoopsa koposa idachitika zaka pafupifupi 252 miliyoni zapitazo, pamene mapiri a moto a ku Siberia adadzaza mlengalenga ndi mpweya wotenthetsa dziko, nyanja zidafunda, ndipo mitundu yochuluka ya m'madzi idazimirira. Lero mpweya womwewo ukuchokera ku malasha, mafuta ndi gasi zimene anthu tikuwotcha. Mu 2019 bungwe la IPBES lidachenjeza kuti mitundu pafupifupi 1 miliyoni ili pachiopsezo.

Chikalatachi tichiyamikire pa kulimba mtima. Chidaloza chala maiko olemera ndi maiko okumba mafuta, kuwapempha kuti atsogolere kusiya mpweya woipawu pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 zino. Sichinali chapafupi kunena zimenezi, pakuti ambiri mwa okumba mafutawo ndi maiko a Chisilamu. Ndipo chilungamo chili pomwepo. Utsi wa Malawi ndi wochepetsetsa, koma namondwe Freddy mu Marichi 2023 adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Vuto ndi lakuti chikalata chilibe mano. Zitsime za mafuta zikupopabe, ndipo padatenga mpaka msonkhano wa ku Dubai mu 2023 kuti maiko avomere polemba kuti mafutawa ndi ofunika kuwasiya pang'onopang'ono.

Pamene chikalatachi chikuperewera kwa ife ndi panyanja. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Kuno kumpoto imazama mpaka mamita pafupifupi 700, koma pansi pa mamita 250 mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma. Chakudya cha tizomera ndi tizilombo timene usipa ndi utaka zimadya chimakwera kuchokera pansi mwera ukawomba ndi kuvundula madzi. Madzi apamwamba akafunda amapepuka, nakana kusakanikirana ndi ozizira apansi, ndiye chakudya chija chimatsalira komweko. Akatswiri adaziona kale izi panyanja ya Tanganyika. Nanga mbuna, zimene mtundu wina umakhala pamiyala ya chilumba chimodzi chokha, zithawire kuti? Nyanja ili ndi malire ake.

Komatu tisabisale kumbuyo kwa nyengo. Ntchila, imene kale inkadzaza madengu, idagwa m'zaka za m'ma 1960, nkhani ya kusintha kwa nyengo isadafike m'makutu mwathu. Idatheramo chifukwa chotchingidwa ndi maukonde pamene inkakwera mitsinje kukaswana. Mu 2018 bungwe la IUCN lidaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi, ndipo lidapeza kuti 9 mwa 100 iliyonse ili pangozi yaikulu yotha, kuphatikizapo mitundu itatu ya chambo. Zifukwa tikuzidziwa tonse: masikito amene adabwera kudzatiteteza ku malungo akukokolola tiana ta nsomba m'mbali mwa gombe, ndipo mapiri akametedwa, mitsinje ngati Limphasa imafiira ndi matope okwirira malo oswanirana. Mtundu wa nsomba ukakhala wochuluka umatha kupirira zaka zoipa. Ukatsala wochepa, kufunda pang'ono kwa madzi kumaumaliza.

Apa mpamene olemba chikalata adataya mwayi. Adatchula hima, malo amene Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) ankapatula kuti msipu ndi nyama zitetezeke, koma adangoitchula poyamikira mbiri yake, osaisandutsa ntchito ya mzikiti uliwonse. Chonsecho zitsanzo zilipo. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi miyezi ingapo chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Pachilumba cha Misali ku Pemba, ku Tanzania, asodzi amene ankapha nsomba ndi mabomba adamvera maimamu atawaphunzitsa za udindo wa khalifa, chikhalirecho malamulo a boma adali atawakanika. Lamulo lotseka usodzi wa chambo mu Novembala ndi Disembala ndi hima ndithu, ngakhale lidalembedwa ku ofesi ya zausodzi.

Ena mwa ife amati zonsezi ndi Qadar, palibe chochita. Timakhulupirira Qadar popanda chikaiko. Koma Nuh (Alaihi salaam), atauzidwa za chigumula, adasema chombo nalowetsamo zamoyo ziwiriziwiri madzi asadakwere. Ndipo Surat Al-An'aam, ayah 38, imatiphunzitsa kuti nyama ndi mbalame ndi magulu ngati mmene tilili ife. Tsono ntchila ikatha, ndiye kuti ummah wina wafafanizika m'manja mwathu.

Kuweruza kwathu n'kwakuti chionongekochi chingaletsedwe, pakuti mitundu yambiri ikadalipo, koma chikalatachi chikugwira mbali imodzi yokha ya ntchitoyo, mbali ya amene ali ndi zitsime za mafuta. Mbali yathu ikusowa wolemba. Chimasuliridwe m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitonga, ndipo masheikh athu awonjezerepo zimene a ku Istanbul sakadazidziwa: hukumu ya kuwedza ndi masikito, khutbah ya mwezi wa Okutobala nyanja isadatsekedwe, ndi funso limene msodzi adzatifunsa pakhomo la mzikiti, lakuti ana ake adya chiyani miyezi iwiriyo. Makomiti a Zakaat akhale pansi ndi makomiti a pagombe, awerenge mabanja amene amadalira ukonde umodzi, Novembala asadafike.