Ngwazi Kapena Bwalo? Kuunika Zomwe Steven Levy Adalemba pa Misonkhano ya Olemba Mapulogalamu

Mawu Oyamba

M'mizinda yambiri anthu olemba mapulogalamu a kompyuta ali ndi chizolowezi chokumana madzulo akaweruka kuntchito. Mmodzi amaimirira n'kufotokoza chomwe wakhala akupanga, anzake amamufunsa mafunso, kenaka onse amagawikana m'timagulu kukambirana. Limodzi mwa mabuku otchuka ofotokoza za misonkhano yotere ndi la mtolankhani wa ku America, Steven Levy, lotchedwa Hackers: Heroes of the Computer Revolution, lomwe lidasindikizidwa m'chaka cha 1984. Bukuli lili ndi magawo atatu akuluakulu, koma nkhani ino ikuunika gawo lachiwiri, makamaka mitu yonena za gulu la Homebrew Computer Club la ku California. Funso lofunika ndi lakuti: kodi amene adaphunzitsa anthu m'gululi adali akatswiri ochepa otchuka, kapena lidali bwalo lenilenilo? Mutu wa bukuli ukutchula ngwazi, pamene zolembedwa m'kati mwake zikuloza kubwalo.

Zomwe Bukuli Likusimba

Mu Januwale 1975 magazini ya Popular Electronics idaonetsa pachikuto chake kompyuta yotchedwa Altair 8800, yopangidwa ndi kampani ya MITS ya ku Albuquerque. Inkagulitsidwa ili zidutswazidutswa pamtengo wa madola 397, ndipo wogula ankailumikiza yekha. Idalibe kiyibodi ngakhale sikirini. Pulogalamu inkalowetsedwa pokweza ndi kutsitsa masiwichi, ndipo yankho linkaoneka pa timagetsi tofiira ta kutsogolo kwake. Munthu wogula makina otere akasowa nzeru adalibe koti n'kukafunsa.

Chomwecho pa 5 Marichi 1975 Fred Moore ndi Gordon French adaitanitsa msonkhano m'galaja ya French ku Menlo Park, ndipo kudafika anthu 32. Adadzifotokoza mmodzimmodzi, aliyense kunena chomwe ankapanga ndi chomwe ankasowa. Gululi lidakula msanga kotero kuti lidasamukira m'holo ya Stanford Linear Accelerator Center, momwe munkasonkhana anthu mazanamazana. Lidapitiriza kukumana mpaka m'chaka cha 1986.

Pomwe Mlembiyu Adachita Bwino

Luso lalikulu la Levy lili posimba zochitika m'chipinda cha msonkhano mwa njira yakuti wowerenga amaona momwe nzeru zinkayendera kuchoka kwa munthu wina kufika kwa mnzake. Chitsanzo chabwino ndi nkhani ya Steve Dompier. Iyeyu adatulukira kuti wailesi ikayandikitsidwa ku Altair inkatulutsa mawu osiyanasiyana malinga ndi ntchito yomwe kompyutayo inkagwira. Pa msonkhano wina mu Epulo 1975 adakhala nthawi yaitali akulowetsa pulogalamu yake ndi masiwichi, koma munthu wina adakola chingwe cha magetsi, zonse n'kufufutika. Dompier adayambiranso anthu akuona, ndipo pomaliza wailesiyo idaimba nyimbo ya gulu la Beatles, anthu n'kuwomba m'manja. Mlembi wothamanga akadangonena kuti kompyuta idaimba. Levy adasunga chingwe chokoledwa chija, ndipo adachita bwino, pakuti n'chimene chikuonetsa kuti pabwaloli munthu ankaphunzitsa ngakhale pamene zinthu zamukanika.

Chachiwiri chomwe bukuli lafotokoza momveka ndi dongosolo la msonkhano. Lee Felsenstein, yemwe adakhala wotsogolera zokambirana kwa zaka zambiri, adagawa nthawi m'zigawo. M'chigawo chotchedwa mapping aliyense wokhala ndi funso, mphekesera kapena chida chogulitsa ankaimirira n'kunena mwachidule. Amene ankafuna kuyankhana pomwepo ankadulidwa ndi kuuzidwa kuti adikire. Cholinga chake chidali chakuti aliyense adziwe yemwe ali ndi chomwe iye akusowa. Kumapeto kunkabwera chigawo chotchedwa random access, pamene anthu ankanyamuka m'mipando n'kukapeza uja adamumva akulankhula. Motero msonkhano sunkadalira mlendo wolemekezeka wodzakamba nkhani. Ngakhale wokamba nkhani akalephera, anthu ankabwerera kwawo ataphunzira kanthu.

Maina awiriwa ndi ofunika kuwalingalira. Onse adatengedwa m'chinenero cha kompyuta. Random access ndi dzina la mtundu wa memore momwe makina amatha kufika pa malo alionse mwachindunji, osayamba adutsa malo ena onse monga zimakhalira pa tepi. Anthu a gululi adatenga dzina la chida n'kulipereka ku khalidwe lawo, mwanthabwala koma molondola. Apa pali umboni wakuti mawu a zaumisiri amakhazikika pamene eni ntchito ayamba kuwagwiritsa ntchito pocheza ndi poseka. Levy sadakokomeze mfundoyi, koma adaisiya poonekera kuti wowerenga watcheru aitole.

Chachitatu ndi chilungamo chake pa mkangano wa pulogalamu ya Altair BASIC, yolembedwa ndi Bill Gates, Paul Allen ndi Monte Davidoff. Mu 1975 tepi ya pepala yokhala ndi pulogalamuyi idatengedwa popanda chilolezo pa chionetsero cha MITS ku Palo Alto, ndipo makope ake adagawidwa kumsonkhano, wotenga aliyense akuuzidwa kuti adzabweze makope oposa omwe watenga. Kumayambiriro kwa 1976 Gates adalemba kalata yodzudzula mchitidwewu kuti ndi kuba, ndipo kalatayo idasindikizidwa m'kanyuzipepala ka gululo. Levy sadabise kuti tepiyo idatengedwa mosayenera, komanso adaonetsa yankho la ena monga Tom Pittman, yemwe adalemba pulogalamu yake ya Tiny BASIC n'kumaigulitsa madola 5 okha. Wowerenga wasiyiridwa mpata woweruza yekha.

Pomwe Bukuli Lafooka

Chofooka choyamba chili pa mutu weniweniwo. Potcha anthuwa ngwazi, Levy adadzimangirira ku kalembedwe kotsata munthu mmodzimmodzi: ubwana wake, zachilendo zake, ndi tsiku lomwe adapambana. Steve Wozniak, yemwe adali pa msonkhano woyamba ndipo adadzaonetsa kompyuta ya Apple I ku gululi mu 1976, wapatsidwa mutu wake wonse. N'zoona kuti Wozniak adali mmisiri waluso lodabwitsa, ndipo ankagawa kwaulere mapepala osonyeza kalumikizidwe ka makina ake. Koma wowerenga akatseka buku amakumbukira Apple, n'kuganiza kuti phindu la Homebrew lidali kubala kampani yolemera. Umboni wa m'buku momwemo ukutsutsa ganizo limeneli. Ambiri mwa anthu mazana aja sadayambitse kampani iliyonse. Adaphunzira kulumikiza makina awo, kulemba pulogalamu yoyamba, ndi kufunsa funso popanda manyazi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma kalembedwe kofuna ngwazi kamaonetsa chala chimodzi.

Amene adataya kwambiri ndi kalembedwe kameneka ndi Fred Moore. Iyeyu sadali katswiri wa makina ayi. Adali munthu wodana ndi nkhondo, yemwe mu 1959 adasala kudya pa yunivesite ya ku Berkeley pokana maphunziro a usilikali okakamiza. Chomwe ankadziwa ndi kusonkhanitsa anthu ndi kusunga maina awo. Ndiye adalemba kope loyamba la kanyuzipepala ka gululi, lomwe lidatuluka pa 15 Marichi 1975, patangopita masiku 10 chichitikire msonkhano woyamba. Levy wamutchula mwaulemu, koma Moore atachoka m'gululi nkhani idamupitirira, ndipo adadzafotokozedwa mokwanira ndi John Markoff m'buku la 2005 lotchedwa What the Dormouse Said. Ntchito ya ukonzi, yomwe Robert Reiling adaipitiriza, yaoneka ngati yapambali. Komatu kanyuzipepalako n'komwe kankafikitsa zokambidwa m'holo kwa anthu okhala kutali, ndipo popanda iko olemba mbiri akadasowa pogwira. Zolankhulidwa pabwalo zimauluka ndi mphepo ngati palibe wozilemba.

Chofooka chachiwiri ndi chithunzi chakuti Homebrew isadabwere, ndiponso kunja kwa magulu ochepa a ophunzira, dziko la makompyuta lidali lotsekedwa, lolamulidwa ndi kampani ya IBM ndi akuluakulu osafuna kugawana nzeru. Chithunzi chimenechi chimakometsa nkhani, koma n'choperewera. Kale mu 1955 olemba mapulogalamu a m'makampani ogwiritsa ntchito makina a IBM adakhazikitsa gulu lotchedwa SHARE, lomwe ntchito yake idali kukumana ndi kusinthana mapulogalamu. Ogwiritsa ntchito makina a kampani ya Digital Equipment Corporation nawonso adali ndi gulu lawo, DECUS, kuyambira mu 1961. Chatsopano ku Menlo Park sichidali kugawana kokha. Chidali chakuti khomo lidatsegulidwa kwa munthu wamba wosatumidwa ndi kampani iliyonse. Levy akadasiyanitsa zinthu ziwirizi, chiyamikiro chake chikadakhala cholimba koposa.

Chenjezo kwa Omasulira

Liwu lakuti hacker likufunika kusamala. M'buku la Levy likutanthauza munthu wokonda kufufuza momwe makina amagwirira ntchito ndi kuwachititsa zomwe eni ake sadaganizire. Koma pofika mu 1983 manyuzipepala a ku America adali atayamba kuligwiritsa ntchito ponena za munthu wolowa m'makompyuta a ena mwakuba, ndipo tanthauzo lachiwirili ndilo lidafala. Womasulira amene angalembe kuti mbava paliponse pomwe Levy walemba liwuli adzasandutsa Dompier ndi Felsenstein zigawenga. Pa nkhani ya Homebrew mawu akuti mmisiri kapena katakwe wa kompyuta ndiwo akuyandikira ganizo la mlembi. Tanthauzo liyenera kufunidwa m'chiganizo, osati mu dikishonale mokha.

Mawu Otsiriza

Mutu womaliza wa gawoli ukusimba momwe mzimu wa gululi udazilalira pofika mu 1977. Anthu omwe kale ankaulula zonse adayamba kusunga zinsinsi za makampani awo, ndipo ena adaleka kufika. Apa Levy walemba moona mtima, ndipo mosazindikira waweruza mutu wa buku lake: ngwazi zitakula, bwalo lidachepa mphamvu.

Phunziro limeneli likukhudza malo onse omwe achinyamata olemba mapulogalamu amakumana, kuphatikizapo omwe adatsegulidwa m'chigawo chino cha Africa, monga BongoHive ku Lusaka mu 2011 ndi mHub ku Lilongwe patapita zaka zochepa. Msonkhano womwe nthawi yake yonse yaperekedwa kwa wokamba nkhani mmodzi, popanda mpata wakuti wosadziwa anene chomwe chamukanika, ndiponso popanda wolemba zokambidwa, watengera mutu wa buku la Levy n'kusiya zam'kati. Aphunzitsi ndi akonzi adzapindula nalo bukuli akaliwerenga ndi maso awo pa anthu okhala m'mipando, pa wodula olankhula motalikitsa, ndi pa uja wokhala pakona akulemba maina. Likawerengedwa motero, gawo lachiwiri la Hackers ndi limodzi mwa malongosoledwe abwino koposa a momwe anthu akuluakulu amaphunzitsirana popanda mphunzitsi.