Kodi Cholinga Chilichonse Nchokwanira? Kuŵerenganso Buku la Viktor Frankl

Wansembe aliyense amene wakhala pa parishi zaka zingapo adamvapo mau otere: "Bambo, ntchito ndikugwira, koma sindidziŵa chimene ndikuvutikira." Ambiri mwa ife tikasoŵa choyankha timathamangira ku buku la Viktor Frankl lotchedwa m'Chingerezi Man's Search for Meaning. Nkoyenera tsono kuti tiliike bukuli pa muyeso, tiwone pamene litithandiza ndi pamene litisiya panjira.

Frankl adabadwira ku Vienna m'chaka cha 1905. Adali Myuda, dokotala wa matenda a ubongo ndi a maganizo. Mu 1941 adalandira chilolezo chopita ku America, koma adatsala chifukwa cha makolo ake okalamba. Mu Sepitembala 1942 a chipani cha Nazi adamtengera ku Theresienstadt, ndipo mu Okutobala 1944 adamtumiza ku Auschwitz. Patapita masiku oŵerengeka adamsamutsira ku Kaufering, kenaka ku Türkheim, ndende ziŵiri za pansi pa Dachau, kumene adamasulidwa mu Epulo 1945. Bambo ake, mai ake, mkulu wake ndi mkazi wake Tilly, onse adafera m'ndende. Bukuli lidatuluka m'Chijeremani mu 1946, ndipo m'Chingerezi mu 1959.

Phata la chiphunzitso chake ndi ili. Freud ankati chimene chimayendetsa munthu ndi kufuna zomkondweretsa, Adler ankati ndi kufuna mphamvu, koma Frankl akuti ndi ludzu lofuna tanthauzo la moyo. Tanthauzolo lipezeka m'njira zitatu: pa ntchito imene munthu achita, pa chikondi ndi zokoma zimene alandira, ndiponso pa mtima umene asenzera masautso osapeŵeka. Akutinso ambirife timafunsa funso chododometsa: timadikira kuti moyo utiuze chimene tidzapindula, chonsecho moyo ndiwo ukutifunsa, ndipo yankho lathu ndi zochita. Apereka chitsanzo cha akaidi aŵiri amene ankafuna kudzipha. Wina adakumbutsidwa za mwana wake amene ankamdikira kudziko lina, winayo za mabuku ake a sayansi amene adali asanaŵamalize. Onse aŵiri adapeza chifukwa chopiririra pamene adazindikira kuti palibe wina akadaloŵa m'malo mwao.

Apa ndipo pagona mphamvu ya bukuli. Mnyamata wa m'seminale amene amadzifufuza usana ndi usiku kuti amve ngati adaitanidwadi, angathe kukalamba akali kumvetsera kugunda kwa mtima wake. Frankl akadamfunsa kuti: kodi akukudikira ndani, ndipo ndi ntchito iti imene ikhala yosagwirika iwe ukapanda kuigwira? Cholinga chimaoneka bwino munthu akachotsa maso pa iye mwini. Akuluakulu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, tili tiŵiri ntianthu.

Komabe pali zinthu ziŵiri zimene sitiyenera kuzimeza osatafuna. Choyamba nchakuti woŵerenga wopupuluma amatseka bukuli akuganiza kuti amene adapulumuka ndi amene adali ndi cholinga. Lawrence Langer adatsutsa maganizo ameneŵa m'buku lake Versions of Survival la 1982, ndipo sadalakwe. Pa chipata cha Auschwitz chala cha msilikali chinkaloza kumanja kapena kumanzere osafunsa za mumtima mwa munthu. Mai ake a Frankl sadafe chifukwa chosoŵa chokhalira ndi moyo. Frankl mwini wake avomereza kuti anthu abwino koposa sadabwerere, ndipo achenjeza kuti masautso amene tingaŵachotse tiyenera kuŵachotsa. Ife alaliki ndife timataya chenjezo limeneli. Wantchito amene bwana wake akumbera malipiro sitingamtonthoze pomuuza kuti apeze tanthauzo m'kuvutika kwake. Kalata ya Papa John Paul II, Laborem Exercens, ya 1981, idaphunzitsa kuti ulemu wa ntchito uchokera kwa munthu woigwirayo, ndi kuti malipiro oyenera ndiwo muyeso wa chilungamo.

Chachiŵiri nchozama koposa. Cholinga chooneka bwino sindiye kuti ncholungama. Adolf Eichmann, amene adaimbidwa mlandu ku Jerusalem mu 1961, ankadziŵa bwino lomwe chimene ankadzukira m'maŵa: kulongosola sitima zonyamula Ayuda kupita kokaphedwa. Ntchitoyo ankaigwira mwakhama. Ngati muyeso uli chabe woti cholinga chimlimbitse munthu, tidzasiyanitsa bwanji mkaidi ndi womzunza? Frankl ayankha kuti chikumbumtima ndicho chimazindikira tanthauzo loona, ndipo m'buku lake lina la 1948, Der unbewusste Gott, anena kuti liwu la chikumbumtima lichokera kopitirira munthu. Koma popeza alankhula ngati dokotala wa okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, aima pakhomo osaloŵa. Thomas Aquinas Woyera, potsata Aristotle, aloŵa m'nyumbamo. Iye avomera kuti munthu aliyense amachita zinthu ndi cholinga, koma asanthula chuma, ulemu, kutchuka, mphamvu ndi zokondweretsa thupi, nawonetsa kuti palibe nchimodzi chomwe chimene chingakhale mathero a ulendo wa munthu, koma Mulungu yekha.

M'ndende yomweyo ya Auschwitz mudafera wansembe Maximilian Kolbe pa 14 Ogasiti 1941, atadzipereka m'malo mwa Franciszek Gajowniczek, bambo wa banja. Cholinga chake sichidampulumutse ku imfa. Ndicho chidamtengera ku chipinda cha njala. Wina atayesa nkhaniyi ndi muyeso wa kupulumuka anganene kuti Kolbe adalephera, koma Eklezia idamtchula woyera mu 1982.

Tsono bukuli tiliŵerenge ndi kuliŵerengetsa, makamaka kwa otaya mtima. Koma mkhristu uja akadzabweranso ndi funso lake, tisakhutire pomthandiza kupeza chomudzutsa m'maŵa. Tikhale naye pansi, timfunse ngati chinthucho nchabwino, ngati chipindulira anzake, ndiponso ngati angachigwiritsebe tsiku limene chidzayamba kumdyera zake.