ZA MAU AKUKANA NDI MAU AKUTI "INE"

Alipo aphunzitsi ena kuno ku Magaleta ndi m'midzi yina ya ku Neno amene alanga mwana akanena kuti, "Sindifuna ai." Iwo ati ai ameneyu ngwacabe, pakuti si- wakana kale. Ndifuna kutsutsa ciweruzo cimeneci, ndipo mboni yanga ndi Cifalansa, cinenero ca ambiri a ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama m'caka ca 1901, nadza ku Neno pambuyo pace.

Makolo a Afalansa pokana anali kuika kamau kamodzi, ne, patsogolo pa mneni. Popeza kamauko kanali kosamveka bwino, anayamba kuonjezapo pas, ndiko kunena kuponda kamodzi, monga ife tikati, "Sindiyenda ngakhale phazi limodzi." Zitapita zaka, anaiwala za phazi, naika pas pa mneni ali yense. Lero ambiri polankhula ataya ne, natsala ndi pas yekha, koma polemba asunga onse awiri. Otto Jespersen wa ku Denmark analongosola njira imeneyi m'caka ca 1917. Ngakhale kwathu kuno iripo: Atumbuka akana ndi yayi kapena cara pa mapeto, ndi Asena ali naye tayu wao. Cotero mwana wonena "ai" sanalakwe. Alimbitsa kukana kwace monga acita anthu a mitundu yambiri.

Cimene cindidabwitsa ndi ici, kuti aphunzitsi omwewo alekerera cirema ceniceni. Mwana alemba, "Ine ndinamuka ku msika, ine ndinagula mcere, ine ndinabwera," ndipo iwo acita naye cidwi, popeza afanana ndi Cingerezi. Wina adzati, Nanga Afalansa sacita comweco? Inde, koma anatero mwa kusowa. M'Cilatini, kholo la Cifalansa, canto ndiko "ndiimba," cantas ndiko "uimba". Mapeto a mau anali kuulula woimbayo. M'Cifalansa mapetowo anafota, kotero kuti chante ndi chantes amveka cimodzimodzi m'khutu. Pamenepo je ndi tu anakhala osasiyika. Ife sitisowa kanthu, pakuti ndi-, u- ndi a- akali amoyo pa mneni ali yense.

Ine ndi iwe ndiwo mau a pa bwalo, olekanitsa anthu: "Iwe unatsegula khola, ine ndinapeza mbuzi m'munda." Tikawamwaza ponse ponse adzasukuluka ngati mcere wa m'madzi ambiri, ndipo tsiku la mlandu tidzasowa mau olozera mwini cinthu.

Tsono, aphunzitsi anzanga, mlekeni mwana ndi "ai" wace, bola asataye si- polemba. Koma "ine" wopanda nchito mumcotse m'zolemba za ana, ndi kuwauza cifukwa cace.