Zidule m'Chichewa cholembedwa: tikulembera ndani?

Pa Uliwa, m'dera la Mfumu Yaikulu Wasambo m'boma la Karonga, anthu ambiri amalankhula Chitumbuka pakhomo, koma zidziwitso zambiri za ulimi ndi zaumoyo zimawapeza m'Chichewa. Mkati mwa Chichewacho mumadzazanso zidule za Chingerezi: AIP, HSA, GVH, VDC. Wowerenga ndiye kuti awoloke mitsinje iwiri asanamve uthenga. Ine ndikuona kuti vuto lili mwa olembafe, chifukwa timatenga zidule zonse ngati za mtundu umodzi, pomwe zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi zidule zomwe zinasanduka mawu athu. AIDS inakhala Edzi kalekale, ndipo palibe amaimasulira. ADMARC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, pakamwa pa alimi ndi Adimaki basi. Kumulembera mlimi dzina lonse la Chingerezi nkungomutayitsa nthawi.

Gulu lachiwiri ndi zidule zomwe zinabwera Chichewa chili kale ndi mawu ake. GVH ndi gulupu, HSA ndi mlangizi wa zaumoyo. Nanga chidulecho nchachiyani? Apa wolemba amangokopera lipoti la ku ofesi.

Gulu lachitatu ndi zidule zatsopano, ndipo ngozi ili pamenepa. Mu 2020 boma linasiya FISP nkuyambitsa AIP. Ukalemba kuti "mayina a AIP atuluka", gogo amene amangodziwa za makuponi aphonya feteleza. Potchula koyamba tilembe kuti "ndondomeko ya zipangizo za ulimi zotsika mtengo ya AIP", kenako chidule chokha chikwanira. Kumasulira kwake kukhale m'chilankhulo cha wowerenga, chifukwa Affordable Inputs Programme simuthandiza munthu amene Chingerezi chinamudutsa.

Palinso nkhani ya mgwirizano wa mawu. M'nkhani imodzi yomweyo mupeza "MEC yalengeza", "MEC lalengeza" ndi "a MEC alengeza". Zonsezi zili ndi maziko: choyamba chikutsatira gulu la mayina obwereka ngati wailesi, chachiwiri chikudalira mawu oti bungwe omwe abisika, chachitatu chikuloza anthu ogwira ntchitowo. Komabe "lalengeza" popanda "bungwe la" amamveka wopunduka. Wolemba asankhe njira imodzi nkuisunga mpaka kumapeto.

Anzanga ophunzira zilankhulo, musanalembe chidule, chitchuleni mokweza ngati mukuwerengera munthu pamsika. Akakufunsani kuti "ndiye kuti chani?", chidulecho chikufunika kumasulira.